Musanagule ma ski a kuphiri, kwerani kaye sikelo chikwama chili kumsana

Novembala akangofika kuno ku Norway, sinowo n'kuyamba kuchuluka m'mapiri, mauthenga amayamba kubwera pa WhatsApp kuchokera kwa abale athu amene akufuna kuyesako zoyenda pa ski, timatabwa tatitali tovala kumapazi totererera pa sinowo, kunja kwa tauni, ndipo pafupifupi onse amafunsa mofanana, akuti ndine wamtali masentimita mwakutimwakuti, ndigule ma ski aatali bwanji? Ine za msinkhu wawozo sindiyankha msanga. Ndimafunsa kaye kuti mukulemera makilo angati panopa, lero lino, mutavala zonse za kozizira, nsapato zili kuphazi, chikwama chili kumsana, zija za chaka chomwe munkatsika ndege ku Gardermoen muzisiye. Ena amaseka, ena amangoti zii osayankhanso. Koma nkhani yonse yagona pa nambala imeneyo, nde ndati ndilembe bwinobwino kuti aliyense adziwerengere yekha mopanda manyazi.

Tigwirizane kaye ma ski amene ndikunena, chifukwa mu shopu mukangoti ndikufuna ski akulozerani khoma lonse. Pali aja opyapyala kwambiri oyendera m'tinjira tolambulidwa ndi makina ngati ku Nordmarka kumtunda kwa Oslo, amenewo ayi. Pali aja onenepa otsikira pa chitunda pomwe makina akukwezani okha, amenewonso ayi. Ine ndikunena amene kuno amati fjellski, oyendera m'chipululu cha sinowo momwe simunadutse makina, okhala ndi kachitsulo m'mbali, nsapato imagwidwa kutsogolo kokha chidendene n'kumadzuka mukamayenda. Ndi amene anthu amayendera kuchoka pa kanyumba kogona ka DNT, bungwe la kuno la anthu oyenda m'mapiri, kupita pa kanyumba kena m'mapiri a ku Hardangervidda, ku Rondane kapena ku Jotunheimen, maka nthawi ya Pasaka pomwe sitima yopita ku Bergen imatsitsa khwimbi la anthu pa Finse, mamita 1,222 kuchokera pa nyanja yamchere. Za ma ski okwerera nsonga zamapiri, aja amati randonee, ndinenako kumapeto chifukwa masamu ake ndi ena.

Tengani fjellski imodzi muigoneke pansi posalala muone. Siigona yonse. Imagunda pansi kutsogolo ndi kumbuyo, pakati pomwe pamakhala phazi pamakhala podzuka, mpata woti chala chikhoza kulowa. Kupindika kumeneko kuno amati spenn, ndipo ski yonse imayenda chifukwa cha iko. Pansi pa phazi pamenepo ndi pomwe pamapakidwa phula logwira sinowo, kapena pali timamba tosema ngati mwagula opanda phula, kapena mumamatapo kachikopa kakafupi. Mukaima pa ma ski onse awiri, thupi lanu lagawika pawiri, theka uku theka uku, ndiye pakati paja sipayenera kukanikiza sinowo kwambiri, ski iziterera pa mutu ndi pa mchira. Mukaponda ndi mwendo umodzi kuti mudzikankhe, makilo anu onse apita pa ski imodzi, pakati paja pakuyenera kutsika mpaka phula ligwire, inu n'kupita kutsogolo. Sitepe iliyonse ndi choncho, kutsika kudzuka, kutsika kudzuka, tsiku lonse. Ganizirani masipuling'i a lole. Lole yamatani khumi ikakhala yopanda katundu imangodumphadumpha pamsewu wafumbi matayala osagwira bwino, pomwe ka pikapu mukakasenzetsa matumba a chimanga opitirira muyeso kamakhala pansi n'kumakhula. Palibe sipuling'i imene imafunsa kuti dalaivala ndi wamtali bwanji, imangomva katundu.

Ski ikakulimbirani, kutanthauza kuti makilo anu sakukwana kuitsitsa, mudzadziwa pa kachitunda koyamba komwe. Mukaponda phazi limathawira kumbuyo. Mupondanso, lithawanso. Nde mumayamba kudzikoka ndi ndodo, mapewa n'kuyamba kuwotcha, thukuta kamukamu mkati mwa jekete, ndipo thukuta kozizira ndi mdani chifukwa mukangoima kuti mupume limazizira pathupi. Mumawonjezera phula, mumapaka kutalika, sizithandiza kwenikweni poti phulalo silikufika pansi. Ski ikakufewerani mavuto ake ndi ena. Kukwera mukwera bwino ndithu, mwinanso kuposa anzanu, koma pamalo athyathyathya anzanu akadzikankha kamodzi akupita mamita angapo pomwe inu mukungoyenda ngati mwavala nsapato zazitali, phula likukhula sinowo nthawi zonse, likutha msanga, ndipo sinowo akakhala watsopano wonyowerapo amaundana pansi pa phazi n'kukhala chibuma choti muziima pafupipafupi kuchipala. Ulendo wa makilomita 20 pakati pa nyumba ziwiri umene anzanu afika dzuwa lisanalowe, inu mufika ndi tochi pamphumi.

Ndiye utali ukubwera pati? Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Ma fjellski ambiri sagulitsidwa ndi chizindikiro choti iyi ndi yolimba iyi ndi yofewa. Fakitale imapanga mtundu umodzi m'mautali osiyanasiyana, kawirikawiri kusiyana masentimita 5 kapena 10, kuyambira cha m'ma 170 kapena 180 kukafika 205 kapena 210, ndipo ikamatalika imalimbanso. Nde posankha utali, kwenikweni mukusankha kulimba. N'chifukwa chake makampani ngati Åsnes ya ku Voss, Madshus ya ku Biri kapena Fischer ya ku Austria amaika tebulo la makilo pa mtundu uliwonse wa ski. Akuluakulu akuno ali ndi lamulo lawo lakale loti kwezani mkono m'mwamba, mutu wa ski ufike pomangira wotchi. Ena amati tengani msinkhu wanu muwonjezere masentimita 15 kapena 20 kapena 25. Malamulo amenewa si abodza, amagwira kwa munthu amene makilo ake akuyenda limodzi ndi msinkhu wake mmene opanga ma tebulo amayembekezera. Koma tayang'anani matupi athu tikakumana pa chinkhoswe kapena ku tchalitchi. Alipo amayi aafupi ojintcha bwino, alipo achinyamata aatali owonda ngati sanadye, alipo abambo aafupi amphamvu amene minofu yawo ndi yolemera kuposa mmene akuonekera. Kwa anthu ngati amenewa lamulo la mkono limawasokeretsa.

Pali mayi ena amene timapemphera nawo, aafupi ndithu, sapitirira masentimita 160, koma thupi alinalo la makilo oposa 80. Anzawo a kuntchito anawaitana ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu kukagona kuphiri, iwo n'kukagula ma ski mu shopu ina yamasewera, mnyamata wogulitsa anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwapatsa a masentimita 175, akuti poti ndinu oyamba kumene aafupi ndi osavuta. Za makilo sanafunse. Ulendo umenewo mayiwa anatsalira m'mbuyo tsiku lonse, anzawo kumaima kuwadikira mwaulemu, iwo manyazi n'kumawagwira, pobwera anandiuza mawu amene amandipwetekabe mpaka lero, anati "achimwene, zimenezi si zathu, matupi athu sanapangidwire zimenezi." Mayi amene ali mtsikana ankakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Ife kwathu kuli Sapitwa wa mamita 3,002, wamtali kuposa Galdhøpiggen yemwe ndi nsonga yaitali kwambiri kuno ya mamita 2,469, nde wina asatiuze kuti miyendo yathu siidziwa chitunda. Ma ski aja anali ogona pansi ndi makilo awo, basi. Titawabwerekera ena a 190 olimbirapo n'kupita nawo pa nyanja imene madzi ake anaundana ndi kuzizira pafupi ndi kwawo, anadzikankha kamodzi ski n'kuwatenga, anakuwa ndi chisangalalo anthu mpaka kutembenuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri safika pa tsiku lachiwiri limenelo. Amayesa kamodzi ndi zipangizo zolakwika, amaweruza thupi lawo, ma ski n'kukaponyedwa ku chipinda chapansi. Ndipo dzinja la kuno ndi lalitali abale, miyezi yamdima yomwe munthu umapita kuntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima, ukapanda chokutulutsa panja Loweruka mtima umayamba kulemera osadziwa chifukwa chake. Ana athu kusukulu amapita nawo pa ski, Lolemba anzawo akukamba za kuphiri, ife makolo tili pawindo. Ine ndimafuna tizituluka, ndipo sindifuna kuti chinthu chaching'ono ngati masentimita 15 chizitibweza.

Za makilozi palinso kena. Kwathu munthu kukuuza kuti mwanenepatu ndi moni wabwino, ndipo m'tauni mumapeza mnyamata wakhala pakhonde la sitolo ndi sikelo yake anthu n'kumakwera poyera kulipira kandalama kochepa. Kuno kufunsa munthu makilo ake, maka mzimayi wamkulu, amakuona ngati mwano, nde wogulitsa wachinyamata amaopa, amangoyeza ndi maso, ndipo maso amanama munthu akavala jekete lalikulu. Ifenso tikakhalitsa kuno timatengera manyazi omwewo, n'kumatchula nambala yochotsera makilo asanu. Musadikire kufunsidwa. Lowani mu shopu munene nokha kuti ndimalemera mwakuti, chikwama changa chimalemera mwakuti, ndikufuna kuyenda malo akutiakuti. Wogulitsa wodziwa ntchito nkhope yake imamasuka nthawi yomweyo chifukwa mwamupatsa chogwirira ntchito.

Poyeza chitani chonchi. Valani zomwe mudzavale kuphiri, zaubweya zamkati, jekete, buluku, nsapato za ski zomwe ndi zolemera ndithu, zonsezi zimawonjezera makilo atatu kapena anayi. Kenako longedzani chikwama mmene mumalongedzera pa ulendo umene mumayenda kawirikawiri. Ndikuti kawirikawiri, chifukwa anthu timakonda kugulira ulendo wamaloto, uja wodutsa Hardangervidda yonse ndi tenti umene mwina tidzayenda kamodzi, pomwe Loweruka lililonse timangoyenda maola atatu ndi fulasiki ya tiyi, lalanje ndi jekete lapadera. Chikwama cha tsiku limodzi kwa ine chimakhala makilo 6 mpaka 8 chifukwa fosholo yaing'ono ndi thumba lobisalamo mphepo sindizisiya. Chogonera m'tinyumba ta DNT chimafika 10 kapena 12, ndipo cha tenti ndi chitofu chimadutsa 20 mosavuta. Munthu wa makilo 72 ali maliseche m'bafa amakhala wa makilo 88 pa ski, ndipo pa tebulo lililonse amenewo ndi anthu awiri osiyana. Funsaninso ngati tebulo la kampaniyo likuwerengera kale chikwama kapena ayi, kuti musawerengere kawiri. Koma ngati katundu wanu mumakoka pa pulk, kaja kokhala ngati kabwato komangirira m'chiuno, makilo amenewo musawawonjezere, sali pa ski, ali pa sinowo kumbuyo kwanu. Chimene pulk imafuna ndi kugwira kwambiri poponda poti ikukukokerani m'mbuyo, nde ski yolimba mopitirira ndi pulk ndi chilango, ambiri amangomata kachikopa basi.

Manambala ake mwachidule, kuti mukhale ndi poyambira, munthu wa makilo cha m'ma 60 nthawi zambiri amagwera pa 180 kapena 185, wa cha m'ma 75 pa 190 kapena 195, wodutsa 90 pa 205 kapena 210. Koma chonde musatenge izi n'kuthamangira kukagula, mtundu uliwonse uli ndi tebulo lake ndipo 190 ya mtundu uwu ikhoza kulimba kuposa 200 ya mtundu uwo. Tengani ya Åsnes yomwe mayina a ma ski ake ena ndi a anthu oyenda maulendo a ku ayezi. Amundsen, dzina la uja anafika ku South Pole mu 1911, ndi ski yowongoka yolimba yopangidwira kupita kutsogolo pachidikha ndi katundu. Nansen, uja anadutsa Greenland pa ski mu 1888, ndi yotakata pamutu, yofewerapo, yosavuta kukhotetsa potsika. Ingstad ndi yotakata kuposa apo, mamilimita 84 pamutu, 62 pakati, 74 kumchira, imakonda sinowo wofewa wakuya. Munthu mmodzi yemweyo, makilo omwewo, akhoza kukhala bwino pa utali wosiyana pa mitundu itatuyi.

Apa ndi pomwe pali yankho la anthu amene msinkhu ndi makilo sizigwirizana, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ambiri amene amandifunsa ali m'gulu limeneli. Tinene kuti ndinu wa masentimita 163, ndi chikwama mukufika makilo 95. Tebulo la makilo likulozani ku 205. Koma ski ya 205 pa miyendo yaifupi ndi mavuto ena, pokwera chitunda motangadza miyendo michira imapondana, potembenuka pamalo othina mumakodwa, mukagwa mu sinowo wakuya kudzuka kwake ndi nkhondo. Musapite ku 205, komanso musabwerere ku 180 komwe msinkhu ukukuitanirani. Funani mtundu wolimba mwachibadwa muutenge pa 190 kapena 195, mupeze kulimba kuchokera ku mtundu m'malo mwa utali. Kwa mnyamata wa masentimita 188 wolemera 68 ndi mbali inayo. Lamulo la mkono limupatsa 210 yomwe sadzaitsitsa olo adumphe, nde iye atenge mtundu wofewa pa 195 kapena 200, miyendo yake yaitali ipeze ski yokwanira sitepe yake koma phula lizifika pansi. Ndipo ngati mwagwera pakati penipeni pa mautali awiri, funso ndi loti mumayenda kuti. Pachidikha poyera ngati Hardangervidda, pomwe tsiku lonse mukungolunjika ndodo zozikidwa zolozera njira, tengani yaitaliyo, imayenda mowongoka, siyendayenda uku ndi uku pa sinowo wowumbidwa ndi mphepo, ndipo sitepe iliyonse imakupatsani kamtunda kowonjezera komwe pofika madzulo kakhala kambiri. M'nkhalango ndi m'zitunda zokwera n'kutsika, pakati pa mitengo, tengani yaifupiyo. Kukhala woyamba kumene ndi chifukwa chotsikira sitepe imodzi ya utali, masentimita 5, mwina 10 ngati mukuopadi, koma osati 20.

Anthu ena amati ndikufuna yaitali kuti ndisamatitimire mu sinowo. Pali choona pang'ono koma tiyeni tiwerengere. Ski ya masentimita 190 mukaiwonjezera 10, malo ogunda sinowo akula ndi magawo asanu okha pa 100 aliwonse. Koma mukachoka pa ski ya mamilimita 54 pakati kupita pa ya 62, akula ndi pafupifupi magawo 15. Nde ngati vuto lanu ndi kutitimira, yang'anani kutakata, utali muusiyire ntchito yake ya kulimba ndi kuwongoka. Kungoti kutakata kuli ndi mtengo wake, ski yodutsa mamilimita 68 kapena 70 pamutu siilowa bwino m'tinjira ta makina, ndipo maulendo ambiri kuno amayamba ndi makilomita angapo a tinjira timeneto musanafike poyera. Ndi chifukwa chake ma ski ngati Fischer E99 yakale ija kapena Gamme 54 ya Åsnes anthu amawakonda, amalowa m'kanjira komanso amapirira kunja.

Tsopano kuyeza ndi pepala, komwe aliyense angachite pakhomo. Pezani pansi polimba posalala, osati pa kapeti. Ikani ma ski awiri moyandikana, imanipo zala zakumapazi zili pomwe binding, kachipangizo komangira nsapato pa ski, imagwira nsapato, chikwama chija chili kumsana, thupi logawika mofanana. Mnzanu alowetse pepala wamba pansi pa phazi. Likuyenera kuyenda momasuka kuchoka cha pachidendene kupita kutsogolo kupitirira zala ndithu. Likakanika kulowa n'komwe, ski yakufewerani. Kenako nyamulani mwendo umodzi, makilo onse apite pa ski inayo, mupondere kutsogolo kwa phazi ngati mukudzikankha. Pepala likuyenera kugwidwa, mnzanu akakoka lisatuluke. Likatuluka mosavuta, ski yakulimbirani, ndipo kuphiri mudzaterereka. Dziwani kuti ma fjellski otakata ofewa aja mpata wake ndi wochepa mwadala, nde pepala likhoza kungoyenda pang'ono, zimenezo si vuto, anapangidwira sinowo wofewa yemwe amadzaza yekha pansi pa ski. Mashopu ena ali ndi makina opanikizira ski n'kuwerenga kuti imatsika pa makilo angati, ngati alipo apempheni, chifukwa olo mapeya awiri a mtundu umodzi ndi utali umodzi amatha kusiyana pang'ono, mkati mwake muli mtengo ndipo mitengo siifanana.

Ambiri a ife timagula akaunjika pa Finn, msika wa pa intaneti wa kuno, ndipo palibe cholakwika, ine ndimalimbikitsa, ma ski atsopano ndi nsapato ndi binding ndi ndalama yoti munthu wotumiza kumudzi mwezi ndi mwezi amaganiza kawiri. Koma ski yakale imatopa. Nambala yolembedwa pambali imati 200 koma spenn inafa kalekale, maka ngati inasungidwa yomangidwa pakati zaka zambiri kapena mwini wake anali munthu wolemera. Gundanitsani ma ski awiriwo mimba ndi mimba muone mpata wapakati, finyani ndi dzanja limodzi. Akatsekeka mosavuta ngati palibe chokana, asiyeni, pokhapokha ngati ndinu wopepuka kwambiri. Yang'ananinso ngati onse awiri akukana mofanana. Ndipo tengani pepala lanu ndi chikwama popita kukaona, wogulitsa sangakukanizeni kuima pa ma ski pakhonde pake. Onaninso binding, chifukwa NNN BC ya Rottefella, ija yakale ya mamilimita 75 ndi yatsopano ya Xplore iliyonse imafuna nsapato yakeyake, ndipo nsapato ya ma ski a m'tinjira siilowa pa NNN BC olo zikuoneka zofanana.

Kachikopa kakafupi kaja, kortfell, kamakhululukira zambiri. Ngati muli kale ndi ski yolimbirapo ndipo ndalama yosinthira palibe, kamateni pokwera, kagwira pomwe phula likukanika. Ka mohair, kaubweya wa mbuzi, kamaterera bwino, ka nayiloni kamagwira kwambiri n'kukhalitsa. Koma ski yofewa mopitirira ilibe mankhwala, kachikopa kamangowonjezera kukhula.

Za randonee tsopano, aja okwerera nsonga ku Lyngen, ku Sunnmøre kapena ku Romsdalen, pomwe mumakwera ndi chikopa chodzaza ski yonse, pamwamba n'kuchichotsa, kukhoma chidendene n'kutsika mokhotakhota. Amenewa alibe nkhani ya phula pansi pa phazi, nde pepala lija silikugwiranso ntchito, ndipo ndi aafupi kuposa fjellski, amayambira pa chibwano chanu kufika pamwamba pa mutu. Apa msinkhu ndi umene umakupatsani malire, makilo n'kukuuzani kuti muime pati mkati mwa malirewo. Wolemera, kapena wonyamula chikwama chachikulu, apite cha kumutu, chifukwa ski yaifupi pansi pa munthu wolemera mutu wake umamira mu sinowo wakuya n'kumugwetsa chafufumimba, ndipo pa sinowo wolimba imanjenjemera liwiro likakwera. Wopepuka akhale cha kuchibwano kapena pamphuno, ski yaitali sadzatha kuipinda kuti ikhote, idzangomutenga. Ma ski ambiri amasiku ano mutu wake ndi wodzuka kuyambira patali, amati rocker, nde gawo logunda sinowo wolimba ndi lalifupi kuposa nambala yolembedwa, mukhoza kuwonjezera masentimita angapo osaopa. Koma kumbukirani kuti pa ulendo wotere nthawi yambiri imathera pokwera, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri mumayenera kutembenuka mutaima, kunyamula ski imodzi kuizunguza kenako inayo. Wa miyendo yaifupi ndi ski yaitali pamenepo amavutika zedi, pamalo pomwe kugwa si nthabwala.

Pa randonee makilo anu ali ndi ntchito inanso yoposa utali. Binding yake imachunidwa kuti imasule nsapato mukagwa moipa, ndipo pochuna amawerengera makilo, msinkhu, zaka zanu, utali wa nsapato ndi mmene mumatsikira. Mukachotsera makilo imamasuka pomwe simukufuna, mukawonjezera imakana kumasuka bondo n'kupotokola. Apa nenani zoona zokhazokha. Ndipo musanapite malo otsetsereka madigiri 30 kapena kuposa, komwe zigumukire za sinowo zimayambira kawirikawiri, kaphunzireni kaye kosi yake, muziwerenga chenjezo la zigumukire la pa tsamba la intaneti la Varsom lomwe limayenda kuchokera pa 1 mpaka 5, muzinyamula kachipangizo kofufuzira munthu wokwiririka, ndodo yofufuzira ndi fosholo. Zinthu zimenezinso zikhale m'chikwama tsiku lomwe mukukwera sikelo.

Kwa ana chonde tisachite zija timachita ndi yunifomu, kugula yaikulu kuti akuliremo. Mwana wa makilo 25 pa ski ya mwana wa makilo 40 amangoterereka, kulira, n'kudana nazo mpaka kalekale. M'matauni ambiri kuno muli BUA, komwe amabwereketsa zipangizo zamasewera kwaulere, maka kwa ana ndi achinyamata, ndipo m'malo ambiri akuluakulunso amaloledwa. Mwana muzimubwerekera woyenera makilo ake a chaka chimenecho. Inunso ngati ali ndi ma fjellski, musanatulutse ndalama bwerekani mautali awiri oyandikana, wina Loweruka lino wina Loweruka linalo, muyende njira imodzimodziyo ndi chikwama chimodzimodzicho, yokhala ndi kachitunda ndi kachidikha. Pachitunda muone ngati phazi likuthawa, pachidikha muone kuti kudzikankha kumodzi kukukufikitsani pati, ndipo mulembe pa foni utali ndi mtundu wa ski imene yakuyenderani bwino kuti mudzapite nazo ku shopu kapena pa Finn.